Nyanja, Nsomba ndi Mayina Ake: Malo a Katswiri wa Chinenero pa Kafukufuku Woteteza Zamoyo za M'madzi

1.0 Mawu Otsogolera

Mphunzitsi wa Chinyanja wa ku Madzimoyo, kumadzulo kwa mzinda wa Chipata, atapatsidwa ntchito yomasulira nkhani yonena za kuteteza zamoyo za m'nyanja zikuluzikulu za dziko lapansi, akhoza kupunthwa pa liwu loyamba lenilenilo. Chingerezi chimasiyanitsa madzi amchere ozinga maiko ndi madzi opanda mchere ozingidwa ndi mtunda, pamene chinenero chathu chili ndi liwu limodzi lokha, nyanja. Tikafuna kusiyanitsa timachita kuwonjezera kuti nyanja yamchere. Izi sizodabwitsa, pakuti nyanja imene eni chinenerochi ankaidziwa, imenenso idapatsa Chinyanja dzina, ndi ya Malawi pamodzi ndi madzi aakulu a Shire.

Wina anganene kuti nkhani ya nyanja siikhudza munthu wa ku Madzimoyo. Koma mvula yogwa kuno imatsikira ku Luangwa, Luangwa amathira mu Zambezi pafupi ndi Zumbo, ndipo Zambezi, atadutsa Cahora Bassa ndi kulandira madzi a Shire, amakathera m'nyanja yamchere ya India. Ndiwo za pamsika wa Chipata nazo zimachitira umboni: pali kapenta wa ku Mpulungu, kapenta wa ku Siavonga, ndi usipa wolowera pa chipata cha Mwami kuchokera ku nyanja ya Malawi, imene ili pa mtunda wosakwana makilomita 300 kuchokera kuno. Nsomba zikachepa kumeneko, mtengo umakwera kuno.

M'nkhani ino tifuna kufotokoza mmene kafukufuku wophatikiza nthambi zosiyanasiyana za maphunziro wayendera pa nyanja za ku Malawi, ndi kuonetsa kuti pakati pa nthambizo pali mpando umene nthawi zambiri umakhala wopanda munthu. Mfundo yathu ndi yakuti chidziwitso cha msodzi chili m'Chichewa, Chiyao kapena Chitonga, mayina a sayansi ali m'Chilatini, lamulo la boma lili m'Chingerezi, ndipo zitatuzi sizigawa dziko mofanana. Pamene pakumana zitatuzi ndi pamene pagona ntchito ya katswiri wa chinenero.

2.0 Chifukwa Chake Nthambi Imodzi Siikwanira

Mu 1992 boma la Canada lidatseka usodzi wa nsomba ya cod ku Newfoundland, ndipo anthu pafupifupi 30,000 adatsala opanda ntchito. Asodzi a timabwato ting'onoting'ono adali atadandaula kwa zaka zingapo kuti nsomba zikuchepa ndiponso kuti zogwidwazo n'zazing'ono, koma ziwerengero za akatswiri zinkaoneka ngati zikunena zina. Zaka khumi ndi chimodzi izi zisadachitike, mu 1981, Robert Johannes, katswiri wa zamoyo za m'nyanja yamchere, adatulutsa buku lotchedwa Words of the Lagoon, momwe adalemba zimene asodzi a ku Palau adamuphunzitsa za malo ndi masiku a mwezi amene nsomba zosiyanasiyana zimaswana. Mutu wa bukulo umanena za mawu, ndipo ife a zinenero tiyenera kuchita nawo chidwi. Mu 1990 Elinor Ostrom adaonetsanso kuti anthu a m'midzi akhoza kudziikira malamulo osamalira chuma cha onse, motsutsana ndi maganizo a Garrett Hardin a mu 1968 akuti chinthu cha onse chimangowonongeka basi.

Kuno kwathu kuphatikiza nthambi sikudayambe dzulo. Kafukufuku wa nsomba za m'nyanja ya Nyasa wa mu 1939, wochitidwa ndi Kate Ricardo, John Borley ndi Ethelwynn Trewavas, adali mbali ya kafukufuku wamkulu wa kadyedwe ka anthu amene ankatsogolera B.S. Platt. Funso lawo silidali la nsomba zokha ayi, koma la ndiwo za anthu. Rosemary Lowe adatsatira pakati pa 1945 ndi 1947 kudzafufuza za chambo. Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi cha nyanja ya Chilwa, kumene Yunivesite ya Malawi idachita kafukufuku kuyambira 1966 mpaka 1976 motsogozedwa ndi Margaret Kalk. Nyanjayo idaphwa ntchito ili m'kati, mu 1968, kotero kuti ofufuza adaona ndi maso awo mmene matemba, makumba ndi mlamba zidathawira kumadambo ndi kumathiriro a mitsinje, ndi mmene zidabwererera madzi atadzaza. Akatswiri a malo ndi a zachuma, monga Swanzie Agnew ndi Chinyamata Chipeta, adatsata asodzi ndi ogulitsa nsomba. Zotsatira zake zidatuluka m'buku la mu 1979.

M'ntchito zonsezi ofufuza ankafunsa anthu, ndipo mayankho ankadzera mwa womasulira. Womasulirayo ankaonedwa ngati mlatho chabe. Ife tikuti mlathowo uli ndi matabwa ena ogwedera, ndipo tiyamba ndi mayina a nsomba.

3.0 Dzina Limodzi, Nsomba Zambiri

Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yosachepera 700, ndipo akatswiri ena amati ikhoza kufika 1,000. Palibe nyanja ina yopanda mchere yoposa apa. N'chifukwa chake mbali ya ku Cape Maclear idasandutsidwa malo otetezedwa mu 1980, ndipo bungwe la UNESCO lidaiika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984. Msodzi alibe mayina 1,000. Mayina ake amatsata zimene zili zofunika pa ntchito yake: kumene nsomba imakhala, chida choigwirira, kukula kwake, nyengo yake ndi mtengo wake.

Mayina ena amagwirizana bwino ndi a sayansi. Usipa ndi Engraulicypris sardella, kampango ndi Bagrus meridionalis, mpasa ndi Opsaridium microlepis, ntchila ndi Labeo mesops. Apa womasulira savutika. Koma mayina ena ndi madengu aakulu. Utaka ndi gulu la mitundu yambiri, makamaka ya Copadichromis, imene imasonkhana pamwamba pa miyala ya pansi pa madzi yotchedwa chirundu ndi kugwidwa ndi chilimira. Mbuna, liwu la Chitonga limene Geoffrey Fryer adalilowetsa m'mabuku a sayansi m'zaka za m'ma 1950, limakuta mitundu yambirimbiri yokhala m'miyala. Kambuzi ndiye dengu lalikulu koposa: nsomba zing'onozing'ono za mitundu yosiyanasiyana zogwidwa pamodzi mu khoka la maso aang'ono.

Tiime pang'ono pa chambo, popeza ndicho chimene dziko lonse la Malawi limanyadira. Wogula amaona nsomba imodzi. Asayansi amatchula Oreochromis karongae, Oreochromis squamipinnis ndi Oreochromis lidole, ndipo ena amawonjezera saka. Chochititsa chidwi n'chakuti lidole ndi saka si mawu a Chilatini konse; Trewavas mu 1941 ndi Lowe mu 1953 adawatenga pakamwa pa asodzi. Ndiye kuti asodzi a nthawi imeneyo ankasiyanitsa mitunduyi asayansi asadaisiyanitse. Kubwereka kotereku kudapitirira: pali Copadichromis mloto, pali gulu lotchedwa Mchenga kuyambira 2006, ndi lina lotchedwa Chindongo kuyambira 2016.

Vuto limabuka pamene madengu aja asanduka mizere ya m'kaundula wa boma. Olemba ziwerengero padoko amalemba kulemera kwa nsomba potsata mayina a malonda: chambo, kambuzi, utaka, usipa, ndi ena. Motero mtundu umodzi wa chambo ukhoza kutheratu pamene mzere wa chambo ukadali ndi nambala. Mu 2018 bungwe la IUCN, litaunika mitundu 458 ya nsomba za m'nyanjayi, lidalengeza kuti mitundu itatu ya chambo ija ili pa ngozi yaikulu kwambiri yotheratu, ndipo lidole ndiye amene akatswiri amaopa kuti mwina adapita kale. Palinso mbali ina: chambo chikakhala chaching'ono chimatchedwa kasawala. Lamulo limaletsa kugwira chambo chosafika masentimita 15, koma m'chinenero cha padoko nsomba yotereyo si chambo ayi, ndi kasawala, ndipo ikasakanikirana ndi zinzake pa thandala loyanikira imangogulitsidwa ngati kambuzi. Wolengeza lamulo pa wailesi akangoti "musaphe chambo chaching'ono", osatchula kasawala, wanena zoona koma sadalase pamene pali bala.

Ngakhale kuno ku Chipata tili ndi chitsanzo chathu. Ambiri amatcha kansomba kalikonse kouma kuti kapenta. Komatu kapenta wa ku Siavonga ndi Limnothrissa miodon, amene adatengedwa ku nyanja ya Tanganyika n'kuikidwa mu Kariba mu 1967 ndi 1968, pambuyo pake n'kutsikira yekha ku Cahora Bassa; usipa ndi wa banja lina kotheratu. Wofufuza za kadyedwe ka m'mabanja akalemba yankho lakuti "tadya kapenta" osafunsanso, sangadziwe nyanja imene banjalo likudalira.

4.0 Malombe ndi Mbenji

Nyanja ya Malombe, imene mtsinje wa Shire umadutsamo kumwera kwa Mangochi, idatulutsa matani a chambo oposa 8,000 mu 1982. Patangopita zaka khumi, chiwerengerocho sichinkafika ngakhale 1,000. Asayansi adaloza chala makoka a kambuzi ndi nkacha, ukonde wa maso aang'ono umene munthu amachita kumira kukaumanga pansi, umenenso umakokolola zomera za pansi pa madzi momwe ana a nsomba amabisala. Boma litaona kuti kulondera kokha kwalephera, lidayambitsa mu 1993 ndondomeko yoyendetsa usodzi mogwirizana ndi anthu, mothandizidwa ndi mabungwe akunja monga GTZ ya ku Germany. Padakhazikitsidwa makomiti a m'midzi ya padoko, amene ambiri amangowatchula kuti ma-BVC, ndipo lamulo latsopano la usodzi la mu 1997 lidapereka mpata wa mgwirizano woterewu.

Chambo sichidabwerere. Ofufuza za chikhalidwe cha anthu, monga Mafaniso Hara, Steve Donda ndi Friday Njaya, adaonetsa kuti m'makomiti ena oyambirira asodzi enieni adali ochepa, ndiponso kuti padali kukokanakokana pakati pa makomiti ndi mafumu. Mfumu idali ndi mphamvu yolandira msodzi wachilendo padoko, ndipo inkapatsidwa gawo la nsomba lotchedwa mawe. Komiti yatsopano, yobadwira m'mapepala a polojekiti, idalowa m'bwalo limene lidali kale ndi mwini wake.

Chilumba cha Mbenji, m'boma la Salima, chili ndi mbiri ina. M'zaka za m'ma 1950 asodzi ochokera ku Likoma adapempha chilolezo chosodza utaka kumeneko, ndipo ufumu wa Makanjira wa ku Salima, wosiyana ndi Makanjira wa ku Mangochi, udaika malamulo ake. Chilumbacho chimatsekedwa nyengo ya dzinja, kuyambira mwezi wa Disembala, ndipo chimatsegulidwa mwa mwambo cha mu Epulo. Mowa, chamba ndi njuga n'zoletsedwa, ndipo akazi saloledwa kupondako. Poyamba zifukwa zake zidali za mizimu ya makolo ndi za kuteteza miyoyo ya asodzi m'nyengo ya ziphaliwali ndi mafunde. Chifukwa cha kuswana kwa nsomba chidadzagogomezedwa kwambiri pambuyo pake.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2020 gulu la akatswiri a mbiri, a zausodzi ndi a zachilengedwe ochokera ku Yunivesite ya Mzuzu ndi Yunivesite ya Strathclyde ku Scotland, kuphatikizapo Elias Chirwa, Bryson Nkhoma ndi David Wilson, lidaphatikiza zolembedwa za nthawi ya atsamunda, mbiri ya pakamwa ya anthu a ku Mbenji, ndi kuyeza madzi ndi nsomba. Adapeza kuti utaka wa ku Mbenji udali wokulirapo kuyerekeza ndi wa m'madzi oyandikana nawo oyendetsedwa ndi malamulo a boma okha. Zotsatirazi zidasindikizidwa mu 2025 m'magazini ya Marine Policy, yomwe dzina lake limanena za nyanja yamchere. Tinene mongodutsa kuti apa liwu lathu lija, nyanja, lidapambana: phunziro la nyanja ya Malawi lidapezeka loyenera kwa a m'nyanja ya India ndi Atlantic.

Sitifuna kukometsera Mbenji mopitirira muyeso. Ndi chilumba, kotero kuti wolowa ndi wotuluka amaoneka. Ufumu wake wakhala wolimba kwa zaka zambiri. Ndipo lamulo loletsa akazi, amene ndiwo ambiri mwa okonza ndi ogulitsa nsomba kumtunda, likusiya funso limene ofufuza sayenera kulizemba. Chimene tikufuna kutolapo ndi cha chinenero. Ku Malombe ndondomeko idabadwa m'Chingerezi n'kumasuliridwa. Ku Mbenji idabadwa m'chinenero cha anthu, ndipo ndi ofufuza amene adachita kuimasulira.

5.0 Mawu Atatu Ovuta

Liwu loyamba ndi umwini. M'zikalata za chitukuko mumalembedwa kawirikawiri kuti anthu akhale ndi umwini pa zachilengedwe. Womasulira amakhutira, poganiza kuti wapeza liwu lofanana ndi la Chingerezi. Koma tiyeni tione mmene mwini amagwirira ntchito m'Chichewa. Mwini njinga akhoza kuigulitsa. Mwinimbumba sangagulitse alongo ake ndi ana awo. Iye ndiye woyankha milandu yawo, woimirira pa ukwati ndi pa maliro. Mwini dziko, mwini mzinda ndi mwini maliro ali m'gulu lomweli: umwini wawo ndi udindo umene uli ndi malire, umenenso umadziwika kuti adaulandira kwa yani. Tsono mlangizi akauza mudzi wonse kuti "nyanjayi eni ake ndinu", womvera wina amamva ufulu wogwira mmene angafunire, wina amamva udindo, ndipo mfumu imamva kuti mpando wake wagawidwa. Liwu ndi limodzi, mapangano ndi atatu.

Lachiwiri ndi mwambo. Liwuli limatanthauza chizolowezi cha makolo, limatanthauza msonkhano waulemu monga wotsegulira Mbenji, ndiponso limatanthauza khalidwe lodziletsa, monga tikamati mwana uyu alibe mwambo. Chingerezi chimafuna mawu atatu osiyana, choncho womasulira amakakamizika kusankha limodzi n'kutaya awiri. Komatu mphamvu ya Mbenji ili m'kulumikizana kwa matanthauzo atatuwa: woswa lamulo la kutseka walakwira makolo, wanyoza msonkhano umene adakhalapo yekha, ndipo waonetsa kuti ndi wosaleredwa bwino. Lamulo la boma lili ndi chindapusa. Mwambo uli ndi manyazi. Ku Zambia lamulo la usodzi la mu 2011 limalola kutseka madera a usodzi, ndipo madera ambiri amatsekedwa kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale. Chiletsocho anthu ambiri amangochitchula ndi dzina lake la Chingerezi. Kwa ife chimenechi ndi chizindikiro chakuti chikadali lamulo, sichidasanduke mwambo.

Lachitatu ndi mneni -tha. Wofufuza akafunsa kuti "Kodi nsomba zikutha?" amafuna kudziwa ngati chiwerengero chikutsika. Koma -tha ndi liwu lamphamvu: ufa ukatha, m'thumba mulibe kanthu. Msodzi amene dzulo lomweli wabwera ndi usipa wodzaza bwato akhoza kuyankha moona mtima kuti ayi. Iye ali ndi aneni ena: nsomba zachepa, zasowa, zathawa, zalowa pansi chifukwa cha mwera. Aliyense mwa aneniwa ali ndi chiphunzitso chakechake cha chimene chachitika. -Chepa amavomereza kutsika kwa chiwerengero. -Thawa amanena kuti nsomba zilipo koma kwina. -Sowa sanena chifukwa. Pepala la mafunso lokhala ndi mabokosi awiri, inde ndi ayi, limafafaniza kusiyana konseku, ndipo lipoti limadzatuluka lonena kuti asodzi sakhulupirira kuti nsomba zingachepe. Mwina ena sakhulupiriradi. Koma tisanaweruze motero tiyenera kuona kaye mneni amene adagwiritsidwa ntchito pofunsa.

6.0 Ntchito Imene Yatitsalira

Anthu a kuno sali achilendo pa nkhani ya kugawana mphamvu pakati pa boma, mafumu ndi anthu. Polojekiti ya LIRDP, imene idayamba m'zaka za m'ma 1980 ndi thandizo la dziko la Norway, idali ndi likulu lake ku Chipata konkuno, ndipo idakumana ndi mafunso ofanana ndi a ku Malombe pa nkhani ya nyama za m'chigwa cha Luangwa. Chimene chikusowa ndi nkhokwe ya mawu yodalirika. Mtanthauziramawu wa David Clement Scott wa mu 1892, amene Alexander Hetherwick adaukonzanso mu 1929, ndi Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa mu 2000 wochokera ku Centre for Language Studies ku Zomba, ndi mabuku a chinenero chonse. Sadalembedwe kuti athetse funso lakuti dzina lakutilakuti limakuta mitundu ingati pa doko lakutilakuti.

Ntchito yotere siingachitidwe ndi wa chinenero yekha, monganso siingachitidwe ndi wa sayansi yekha. Awiriwa ayenera kuima pamodzi padoko m'mawa mabwato akamakocheza. Dzina lililonse lilembedwe pamodzi ndi malo, chinenero cha wolitchula, msinkhu wake, kukula kwa nsombayo, mwezi, ndi chida chimene yagwidwira, ndipo nsombayo ijambulidwe kuti wa sayansi aizindikire. Kalembedwe nako kasamalidwe: ntchila ndi nchila, mcheni ndi ncheni, chilimira ndi chirimila, zonsezi zimapezeka m'malipoti, ndipo kuno ku Zambia, potsata malamulo a kalembedwe a mu 1977, chambo timalemba cambo. Wofufuza pa kompyuta akalemba kalembedwe kamodzi kokha amaphonya theka la zolembedwa.

Aphunzitsi a m'masukulu a kumtunda ali ndi gawo lawo. Ophunzira a ku Madzimoyo sangapite ku Mbenji, koma ali ndi agogo amene adatchera mono m'mitsinje monga Lutembwe, amene amadziwa mayina a tinsomba ta m'madambo, mwezi umene mlamba umakwera ndi madzi a mvula yoyamba, ndi zomera zimene kale ankathira m'madziwe kuti nsomba ziledzere. Phunziro la mayina ndi magulu ake likhoza kuyambira pamenepo: wophunzira aliyense abwere ndi mayina asanu, atchule amene wamuuza ndi mtsinje wake, kenaka kalasi ione kuti ndi mayina ati amene ali a nsomba imodzi, ndi ati amene ali madengu monga kambuzi. Poyambira pabwino ndi anthu achikulire, pakuti msodzi wa ku Mangochi amene angaloze lidole pakati pa chambo china tsopano ndi wa imvi.